Mutibwezere Chipongwe cha Asuweni

Kwa Bwana Mkulu wa Zaumoyo wa Zilumba Zakutali,

Bwana, ndine Makelesi, mayi wake wa Ilaitia, uja munamugwira paphewa pojambulitsa. Sukulu ndinalekera panjira, choncho akundilembera ndi mpongozi wanga Asenaca. Ndamuuza kuti asakometse mawu anga, ndipo dzanja lake ndikuliyang'anitsitsa.

Ndati ndithokoze.

Choyamba, zikomo potiuza dzina la matenda a mwana wanga. Ife tinkangoti manja akunjenjemera. Tsopano tikudziwa kuti ndi Pakinisoni, ndipo mankhwala akatha bwato lanu lisanabwere, timamutchulira dzinalo m'mawa ndi madzulo. Sizinathandizebe. Mwina tikulitchula molakwika.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha ulemu umene munatisiyira. Musanabwere, Ilaitia ndiye ankaperekera kava, chakumwa chathu chamwambo, m'holo ya mudzi. Atayamba kunjenjemera, theka la chikho linkathera pansi, ndipo msuweni wake Sakiusa ankakuwa kuti, "Iwe Ilaitia, wamwetsanso mphasa! Nanga ife timwa liti?" Iye ankayankha kuti, "Khala chete, mphasayi yakuposa ulemu, siipempha chachiwiri." Holo yonse inkafa ndi phwete. Mwana wanga ankabwera kunyumba malaya atanyowa, n'kumaliza chinangwa ndi nsomba za anthu awiri.

Inu mutamva nthabwala imeneyi, nkhope inagwa. Munaimirira pamphasa ndi nsapato, koma zimenezo tinakhululuka, n'kulamula kuti wodwala sasekedwa, apumule, apatsidwe ulemu. Kwathu kuno mlendo satsutsidwa. Anthu anamulanda Ilaitia chikho, n'kumukhazika kumtunda kwa holo pakati pa akuluakulu, kumene munthu sayankhula mpaka atafunsidwa. Sakiusa, amene anakula akumubera malaya pachingwe, tsopano amamupatsa moni wa abusa: "Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Chachitatu, zikomo potumiza namwino mwezi watha. Anatiuza kuti Ilaitia walowa matenda ena, a kukhumudwa, ndipo akuti amakonda kugwira odwala otere chifukwa cha zimene nthendayo imasintha m'mutu, kusowa tulo, ndi kusiyidwa wekha. Mtsikanayo ndi wanzeru. Ziwiri zoyambazo ndavomera, si inu munazibweretsa. Koma chachitatucho ndinachiona ndi maso anga chikutsika m'bwato lanu chitavala tayi.

Lero mwana wanga kuholo sapita. Amagona atayang'ana kukhoma, maukonde akuwolera pakhonde. Dzulo anandiuza kuti, "Amayi, anandiika kale m'manda, anangoiwala kukwirira." Bwana, ine ndinabereka munthu amene ankakokera bwato kumtunda yekha. Mawu amenewo sindifuna kuwamvanso.

Ndinapita kwa Sakiusa kukamupempha kuti abwere adzamunyoze msuweni wake ngati kale. Akuti sangaphwanye lamulo la boma. Chitsiru chimenechi sichinamverepo lamulo chibadwire, chayambira pa lanu.

Choncho pempho langa ndi laling'ono, loyenera nkhalamba yosaphunzira. Bwerani ndi mankhwala, a manja ndi a mtima omwe. Kenako muimirire m'holo, nsapato mutavula, muuze anthu kuti chipongwe cha asuweni chaloledwanso. Tidzakukhazikani kumtunda, ndipo chikho adzakupatseni ndi Ilaitia mwiniwake. Mudzavale malaya anu oyera aja. Mukadzanyowa, holo n'kuseka, musadzakwiye, Bwana. Mudzadziwe kuti mankhwala ayamba kugwira ntchito.

Ine wanu wogwada, ngakhale maondo anakana kale,

Makelesi, mayi wake wa Ilaitia