Nkhondo ya Pansiti pa Khonde la Lola Pasing

M'chaka chimene mphepo yamkuntho inasasula denga la msika wa ku Carcar, ine ndikugona kuseri kwa shopu ya wometa, kunabuka nkhondo imene okalamba amaitchulabe atavula zipewa.

Mtsikana Luningning anauzidwa kusukulu kuti pofika masana aonetse meyosisi, mmene selo limagawikira popanga mbewu ya munthu, apo ayi abwereze kalasi. Anayala pathebulo pansiti, zakudya za ufa zazitali ngati zingwe, kuti zikhale makolomozomu, tizingwe ta m'selo tonyamula chibadwa: zachikasu za agogo ake obala bambo, Lola Pasing, Mkuntho wa Pachiwaya, Yemwe Chipande Chake Sichinagonjepo, zoyera za obala mayi, Lola Iluminada, Mwini Mano Ogula, Mliri wa Ogulitsa Nsomba. Anaziika ziwiriziwiri, natenga mpeni.

"Zikakumbatirana zimasinthana zidutswa," anatero. "Kenako zindandalike pakati, zigawike kawiri, zituluke mbale zinayi."

Lola Pasing anadzuka ngati phiri lamoto. "Wodula pansiti wadula moyo! Mwana iwe, ukufuna undiike m'manda Lachinayi? Dula za asewerewa!"

"Ha! Zanuzo zofutukuka ngati zala za womira?" anabangula Lola Iluminada. "Asewere, mwakhala kale mokwanira. Perekani kachidutsa!"

Zipande zinakwezedwa, zivundikiro zinasanduka zishango, nkhuku zinasamukira kwa aneba, ndipo dzuwa linkakwera osamvera aliyense. Luningning anayamba kulira.

Pamenepo Mkuntho wa Pachiwaya unatsitsa chipande. "Kodi tikamadya, sitiluma? Anafapo ndani?"

Ngwazi ziwirizo zinawerama, zinaluma nsonga, Mwini Mano Ogula atawagwirizira ndi chala. Choyera chinalumikizidwa ku chachikasu, chachikasu ku choyera, mbale zinayi zinanyamuka pa njinga yamoto kupita kusukulu, ndipo mwana anakhoza.

Paphwando la mtendere, mkangano unafuna kuyambiranso: nzeruzi watengera ndani?

"Buku lathu likuti aliyense wa inu anandipatsa pafupifupi gawo limodzi mwa anayi," anatero Luningning.

"Nanga theka linalo?"

"Agogo aamuna."

Onse anatembenukira kumpanda, kumene madoda awiriwo ankauzira tambala wawo wa mpikisano wa ndewu utsi wa fodya kuti alimbe mtima.

"Asewere," anatero Lola Pasing, akuwonjezera mnzake pansiti, "buku limeneli ndi labodza."

"Labodza zedi, asewere."