Malalanje Anayi pa Zenera la Basi

Lolemba
Dziko lonse limve: digiri yanga ya fizikisi, imene yatha zaka ziwiri ikudinda mafayilo ku City Centre, yapeza ntchito! Basi yathu ya m'mawa imadutsa pakhonde la Che Jafali, telala wa ku Old Town, pomwe mwana wawo Amina amasita zovala. Wandiba mtima, koma kutsika n'kukamulankhula sindingathe. Ndiponya kalata.
Zofunika: lalanje lokulungapo kalatayo, mphira yomangira, mpando wa pazenera. Dzina langa sindilembapo. Masiku ano pepala louluka lokhala ndi dzina limagoneka munthu kutali ndi kwawo.
Lamulo: choponyedwa m'basi chimapitirira ndi liwiro la basiyo. Ponya usanafike.

Lachiwiri
Amina wadzutsa mutu, lamulo ndaiwala. Ndaponya tili maso ndi maso. Lalanje laperekeza basi, lakagwera khomo lotsatira, kwa Yusufu wokonza njinga. Sayansi yakhoza, ine ndalephera.

Lachitatu
Masamu onse bwinobwino. Ndikuti ndiponye, ngolo pamsewu, adalaivala mabuleki! Liwiro limene ndimadalira kulibe. Lalanje m'ngalande. Kondakitala: "Bwana, ngati akuchulukirani, tigawireniko."

Lachinayi
Basi bwino, mphepo bwino. Koma Aminanso amayenda! Walowa kukapala makala a m'simbi. Lalanje pa mashini a bambo ake. Dzanja la malaya anga lang'ambikira pazenera.

Lachisanu
Pamapazi pa Amina penipeni! Watola, wamasula, wamwetulira. Akuyang'ana kwa Yusufu. Mwina ndi dzuwa.

Loweruka
Ndapita wapansi, malaya ong'ambika ngati chifukwa. Che Jafali akusoka, akufotokoza osandiyang'ana. Ati kalata ya Lachiwiri Yusufu anaitola, anaona dzina la Amina, anayenda mapazi asanu n'kumupatsa m'manja. Zaka zonsezi mnyamatayo ankamufuna Amina koma anali duu. Kalata yamulankhulira: Amina anayesa kuti walemba ndi Yusufu, ndipo Yusufuyo sanatsutse. Amalume ake akubwera sabata yamawa kudzafunsira mbeta.
Che Jafali akudula ulusi ndi mano. "Mwanangu, mapepala ouluka m'basi ya boma, ena akanakatula kuchipani. Ife malalanje tadya, makalata tasunga. Dzanja lanu ndi labwino, koma muzitsika."

Lamulungu
Zothokoza:
ndagona kwathu sabata yonse, osati m'chitokosi cha polisi;
malaya ali ngati atsopano;
mawu anga amagwira mtima, umboni ulipo;
Yusufu ndi munthu wabwino, unyolo wa njinga yanga anakonza osang'ung'udza.
Ndinawerengera liwiro la basi, la mphepo, la Amina yemwe. La munthu woyenda pansi sindinaliwerengere.
Mapazi asanu.
Mawa ndikhala mpando wa mbali inayo.