Magolovesi a zala zitatu a asewele anga

Mpaka lero munthu akatchula magolovesi, ine ndimayang'ana pansi. Mulole ndiulule, mwina mtima upepuka.

Mwana wanga Tadala anapeza mwamuna wa konkuno ku Glasgow, dzina lake Callum. Makolo ake tinali tisanaonane nawo, ndipo ndinkafunitsitsa kuti akatione ngati banja lolongosoka. Tsiku lina Tadala anafika kwathu ku Maryhill atanyamula pepala ndi nsalu yaubweya.

"Amayi, bambo ake a Callum ali m'gulu lovala zovala zamakedzana pa zionetsero. Akufuna magolovesi awa. Ndawauza kuti mumasoka bwino."

Ndinakondwa. Mpata wodzionetsa kwa asewele ndi umenewu!

Nditatambasula pepalalo ndinaona chala chachikulu, kenako zala ziwiri zokha. Ndinawerenganso. Zitatu basi. Apo ndinakumbukira kuti bamboyu anagwira ntchito yopanga sitima zapamadzi ku Govan, kwa makina odula zitsulo. Ndinagwira pakamwa. Makina kuwadula zala manja onse awiri, abale!

Kufunsa sindinafunse. Ife tinaleredwa kuti chilema cha munthu wamkulu umangochiona n'kukhala chete. (Chete wangayo anatha Lachinayi, pamene ndinapempha amayi a kutchalitchi kuti tiwapempherere.)

Ndiye zala ziwiri zapapepalazo zinali zotakata ngati matumba a buluku. Ndinati wojambulayu ntchito saidziwa, chala chimodzi chizisambira m'menemu? Ndinazichepetsa bwinobwino, chilichonse kukwana chala chimodzi. Pambali pomwe ndinkati panaduka zinazo ndinaikapo thonje kuti pasamapweteke.

Loweruka lotsatira makolo a Callum anabwera kudzationa. Bambo akewo, Bambo Duncan, analowa manja ali m'matumba chifukwa cha kuzizira. Ndinanjuta, n'kupereka magolovesi ndi manja awiri, mawu nditawatsitsa ngati pamaliro.

"Pepani kwambiri ndi zomwe zinakuchitikirani."

"Chinandichitikira n'chiyani?" anafunsa, uku akutulutsa manja.

Ndinawerenga. Zisanu. Dzanja linalo, zisanu. Zonenepa ngati nthochi, palibe ngakhale chipsera.

Anayesa kuvala. Zala ziwiri zinalowa mokakamiza, zina ziwiri zinatsalira ndipo golovesi anangokhala pamwamba ngati chipewa. Mwaulemu anandifotokozera kuti anthu akale ankalowetsa zala ziwiriziwiri malo amodzi kuti zizifunditsana, munthu n'kumagwirabe ntchito.

"Amayi!" anatero Tadala. "Mwapanga chiyani?"

Ndinaulula zonse, za ku Govan ndi za thonje zomwe. Mumtima ndinati basi, ukwati wa mwana wanga ndauphera pa makina osokera. Manyazi ake sindinawamvepo chibadwire.

Amene anayamba kuseka ndi amayi ake a Callum, mpaka kugwira khoma. Bambo Duncan anapukuta misozi ndi golovesi yemweyo, nati zaka zonse zomwe anagwira ntchito palibe anawamverapo chisoni chotere.

Chinkhoswe chinachitika. Kungoti amayi a kutchalitchi ndinaiwala kuwauza kuti zala zilipo zonse, moti aliyense popereka moni ankagwira dzanja la bamboyo nthawi yaitali, milomo ikuwerenga.

Ndinaphunzira kuti kufunsa si mwano. Mwezi watha asewele anatumizanso pepala lina, la nsapato zansalu zosongoka, kutalika ngati mkono wanga. Ulendo uno sindinapemphe mapemphero. Ndinangowaimbira foni kuti abwere, ndipo avule masokosi ndione ndekha.