Dzanja Langa pa Phewa la Apongozi

Pansi penipeni pa sutikesi yanga pali chithunzi chimene ana akachifunsa ndimati chinadyedwa ndi chiswe. Chiswe ndimangochinamizira, chithunzicho chilipo.

Zinachitika m'zaka zija za Chitaganya. Ndinkaphunzitsa pa sukulu ya mishoni ku Chinakanaka, koma ndikukhala pachikamwini kwawo kwa mkazi wanga Esinati, cha ku Likhubula. Mvula kaya dzuwa, ine pa njinga. Kusukulu anali atandilonjeza nyumba, ndipo ndinali nditapempha kale chitengwa kuti ndikakhale ndi banja langa kumeneko. Amalume a Esinati anali atalola. Otsala anali apongozi anga aakazi, ndipo zinkamveka kuti mtima wawo wayamba kufewa.

Ndiye kunabwera ophunzira a pa koleji ina ya mpingo kutsidya kwa nyanja, ati kudzaona mmene Akhristu akuno amakhalira. Abusa anawagawa m'midzi, ine n'kundipatsa mzungu wina wamtali dzina lake Danieli, poti Chingerezi ndinkachitha (kapena ndinene kuti ndinkachikonda kuposa mmene icho chinkandikondera).

Tsono kwathu kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi aakazi. Mukakumana panjira, umapatuka. Tsiku loyamba lomwelo tikuchokera kumtsinje, ndinaona apongozi akubwera atasenza nkhuni. Miyendo sinadikire kuuzidwa, ndinangoti m'munda wa nandolo lowu! Kucheuka, ndinapeza Danieli wadzigwetsa pambali panga, chipewa chitatsala panjira.

"Ndi kambuku?" ananong'ona.

Apa ndi pomwe ndikananena zoona. Koma ndinaganiza za tayi yanga ndi uphunzitsi wanga, manyazi n'kundigwira.

"Njoka," ndinatero. "Yaikulu."

(Apongozi, kumene muliko, mundikhululukire.)

Madzulo ake anandifunsa ngati zimene anamva kwa abusa n'zoona, kuti kuno mkamwini amathawa apongozi. Ndinaseka mokweza. "Zachikale zimenezo! Ife ophunzira tinazisiya. Ine ndi apongozi anga timacheza ngati mwana ndi mayi ake." Anaoneka wokhumudwa, koma sindinalabadire. Masiku otsatira, apongozi akangotulukira pabwalo ine ndinkathamangira kuseri kukakonza njinga, mpaka Danieli anandilangiza kuti ndiigulitse.

Tsiku lonyamuka anatulutsa kamera. Banja lonse linandanda kutsogolo kwa nyumba ya apongozi, ine n'kudzisankhira kumapeto kwenikweni, pafupi ndi khola la mbuzi.

"Ayi, ayi," anatero Danieli. "Bwera pakati, pafupi ndi amayi ako. Uike dzanja paphewa pawo."

Esinati Chingerezi sankachimva, koma nkhope yanga ankaidziwa. "Bambo a Elube," anandinong'oneza, "musayerekeze."

Ndinayerekeza. Ndinayenda pamaso pa mudzi wonse, n'kukaima pomwe sindinaimepo chikwatirire, n'kutula dzanja. Phewa lija linauma ngati chitsa. Kenako apongozi anakuwa m'Chilomwe mawu amene sindingawalembe pano, nafunda nsalu kumutu, liwiro la kuseri kwa nkhokwe. Kamera nayo inalira nthawi yomweyo.

Amalume a Esinati anatsokomola.

"Aphunzitsi, akulu anati mkamwini asamakule mwendo. Inu mwakula mpaka dzanja." Ena anaseka, koma iwo ayi. "Ngati mukuchita izi ife tikupenya, nanga mwana wathu mukapita naye kutali?"

Pomuperekeza Danieli kokakwera lole ndinamuululira zonse. Anaima pakati pa msewu, natula katundu wake pansi.

"Zimenezotu ndi zomwe ndinaolokera nyanja," anatero. "Bwanji sunandiuze? Ndikanangokusiya pambali pa mbuzi paja." Anayamba kuyenda, n'kuimanso. "Nanga njoka ija?"

Ndinangoyang'ana kuphiri.

Mlendo ndi mame. Iye anakwera lole, ine n'kubwerera kumudzi komwe kuja. Ndinatumiza tambala wopepesera, ndipo tambalayo anamulandira n'kumudya, koma za chitengwa anati ziyambe zaima. Nyumba ija anaipatsa mphunzitsi wina. Esinati, amene anali atasoka kale nsalu zotchinga m'mawindo, anangozipinda, ndipo chimenechi chimandipwetekabe mpaka lero. Njinga ndinaipalasa mpaka Elube, amene tsiku lija anali kumbuyo kwa amake, anayamba sukulu.

Chithunzi chinafika kudzera kwa abusa. Aliyense pamenepo watsegula pakamwa, kupatula ine. Ndaima pakati, tayi ili bwinobwino, ndikumwetulira mano onse pamtunda, dzanja lili m'malere losagwira kanthu. Kumphepete kukuoneka chidendene chimodzi cha apongozi.

Amalume aja ankauza anthu kuti ndilibe manyazi, koma pamenepo anandilakwira. Manyazi ndinali nawo ambiri. Kungoti ndinawathera onse pa mlendo wongodutsa, apongozi osawasiyirako.