Dzino Lomaliza la Ba Goliati

Ndikupempha chilolezo chanu, abale olemekezeka, kuti ndikukumbutseni za malemu ba Goliati Mbewe, makanika wa pansi pa mtengo wa mango ku Chawama, amene sankakonza galimoto asanamenyane nayo. Anali munthu wamfupi ndi wochepa thupi, koma akalowa m'minibasi kukachotsa chiwongolero, amayi ankaitanira ana awo m'nyumba.

Zinali zaka zija tinkaima pamzere wa ufa wa makuponi, zipangizo za galimoto zikusowa ngakhale m'tauni. Chitsulo chokokera chiwongolero analibe, choncho ankagwira ntchitoyo ndi thupi. Ankamasula nati ya pakati n'kuiika m'thumba, n'kumenya ndi nyundo shafuti, chitsulo chimene chiwongolero chimakhalapo, kenako n'kuponda dashibodi ndi mapazi onse n'kumakoka, akutukwana mawu amene dzanja langa likukana kulemba. Chiwongolero chogwidwa dzimbiri sichichoka pang'onopang'ono. Chimafwamphuka kamodzi, ndipo chimapita kumene kuli nkhope.

Amakanika ena amasiya natiyo yomasuka pamwamba pa shafuti kuti igwire chiwongolero chikafwamphuka. Ankawalangiza zimenezi.

"Nati ni ya anthu amantha," ankayankha ba Goliati, akulavula magazi. "Ine nifuna chizibe kuti tamenyana."

Mphuno inapindika. Mano anachoka limodzi limodzi mpaka kutsogolo kunatsala limodzi lokha. Woyendetsa minibasi wina, Kalumba, atanena kuti pakamwa pawo pali ngati siteshoni yotsala ndi basi imodzi, anamuthamangitsa ndi sipanala mpaka kumsika.

Kalumba yemweyo anabweranso, shafuti ya chiwongolero chake ikugogoda. Ba Goliati asanakwere m'minibasimo, anafika akazi awo, ba Mainess, atanyamula chikwama.

"Atate ake Towera, ine ninakwatiwa na mwamuna wa mano. Ilo latsala likachoka, naine nichoka. Nibwelela ku Petauke."

"Mukamba zoona?"

"Chola mwachiona."

Anthu anasonkhana. Ba Goliati anamasula nati n'kuiika m'thumba monga mwa masiku onse. Anamenya shafuti, anaponda dashibodi, anagwira chiwongolero. Kenako anayang'ana chikwama chija kwa nthawi yaitali. Mwakachetechete anatulutsa nati ija n'kuibwezera pamwamba. Atakoka, chiwongolero chinafwamphuka ndi phokoso ngati mfuti, n'kuima pa nati, pafupi ndi mlomo wawo.



"Ba mudala bayopa," anatero Kalumba akuseka. "Nati ija si ya anthu amantha manje?"

Ba Goliati anatsika mwaulemu, anapukuta manja pa ovolosi, n'kumupatsa chibakera chimodzi. Ndiyenera kulemba zoona: dzino linachokadi tsiku limenelo, koma linali la Kalumba. Ba Mainess anatola chikwama chawo n'kubwerera kunyumba.

Ba Goliati tinawaika m'manda mwezi wathawu. Bokosi linapita m'minibasi ya Kalumba, amene analira pakamwa pali yasa, mpata wa dzino lake lija ukuoneka. Poona nkhope, ba Mainess anawerama pabokosi, n'kundinong'oneza kuti, "Dzino lija bayenda nalo."

Pansi pa mango paja pali anyamata a zitsulo zokokera tsopano. Ziwongolero zimachoka popanda mwazi, ana akusewera pomwepo, ndipo ine ndimadutsa osadziwa n'komwe kuti pakugwiridwa ntchito.