Mmene Ndinapentera Bambo Anga

Nsonga ya chala changa chamkombaphala ilibe khungu lake lakale, ndipo palibe amene ndingamuloze. Ndinadzichita ndekha.

Ndili m'kagulu ka madoda amene Loweruka lililonse amayendetsa tisitima tamagetsi m'chipinda chapansi pa tchalitchi china kuno kutsidya la nyanja, mumzinda wa Hamilton. (Musaseke, ena mwa iwo ndi madokotala.) Timamanga tinjanji ndi timasiteshoni, ndipo m'kamutu ka sitima timaikamo tianthu tapulasitiki, totalika ngati chikhadabo. Tianthu tonseti timakhala ndi nkhope zapinki.

Bambo anga anayendetsa sitima ya dizilo kuchokera ku Limbe mpaka anapuma ntchito. Atanena kuti akubwera kudzationa, ndinalumbira kuti adzadzipeza atakhala m'sitima yanga, ndi khungu lawo lenileni.

Ku sitolo ina ku Mississauga ndinasankha kamunthu kamapewa otambalala, kogwira kanthu m'manja. Wogulitsa anafunsa ngati ndikudziwa saizi ya sitima yanga. Ndinati ndikudziwa. (Sindinkadziwa.) Kunyumba kamunthuko kanakana kulowa, ngati munthu wamkulu pakhomo la khola la nkhunda. M'mawa mwake ndinakatenga kakang'ono kake.

Ovololo sinavute, ndinapaka yabuluu. Nkhope ndiyo inandizunza. Nditasakaniza penti yofiirira ndi yakuda, bambo anatuluka ngati khala. Nditawonjeza yachikasu, anasanduka dzungu. Maso ndinadontheza ndi chotokosera m'mano, diso limodzi n'kudzaza theka la nkhope.

Mkazi wanga, mayi a Tadala, anasuzumira. "Amenewa ndi apongozi anga kapena kadzidzi?"

"Sindinamalize."

"Mukamaliza mundiuze, ndiyambe kupemphera."

Ndinafufuta ndi mankhwala awo ochotsera penti ya zikhadabo. Penti inachoka, mphuno nayo inasungunuka. Sindinagonje. Ndinapita ku sitolo kachitatu, ndipo wogulitsa anangonditambasulira kamunthu kena. Ulendo uno ndinapenta masiku anayi, nditagwira mpweya, mpaka nkhope inaoneka ya munthu woti mungamupatse moni.

Bambo anafika. M'mawa wa Loweruka loti ndiwatengere ku gulu lija, ndinabisala m'galaja kuti ndimate kamunthuko m'sitima ndi guluu wolimba uja. Dontho limodzi likanakwana, koma ine ndinathira atatu poopa kuti bambo angagwe pakona. Ndinakanikiza ndi chala, n'kudikira pang'ono, n'kukweza dzanja. Sitima inanyamuka nane.

Ndinakwera galimoto choncho, mayi a Tadala akuyendetsa, ine kumbuyo dzanja lili m'jekete.

"Wadwala?" anafunsa bambo.

"Kuzizira basi."

Titafika, a Zulu, mnzathu wa ku Chipata, anandiona ndikusolola dzanja. "Imwe a Malawi, sitima yakulumani?" Anandikokera ku bafa, n'kudontheza madzi ofunda asopo pachala, kenako anakoka kamodzi. Ndinakuwa m'nyumba ya Mulungu. Kachikopa kanga kanatsalira pachipewa cha dalaivala.

Bambo anavala magalasi n'kuwerama nthawi yaitali.

"Ameneyu ndine?"

"Ndinu, bambo."

"Nanga fosholoyi?"

Apo m'pamene ndinazindikira chimene kamunthu kanagwira. Ine ndinkayesa ndi chogwirira buleki.

"Zaka zonse zija ndayendetsa dizilo, iwe wandipatsa ntchito yothira malasha? Kunditsitsa udindo ndili pa penshoni?" Anaweramanso. "Ndiye ndikuyang'ana kumbuyo. Anthu onse akwerawa ndiwapha."

A Zulu anamasulira m'Chingerezi, osasiya liwu ndi limodzi lomwe, ndipo madoda aja anaseka mpaka wina anakhala pansi. Ine ndinangoyang'ana nsapato.

Kenako bambo anapempha kabokosi kowongolera. Ananyamutsa sitimayo pang'onopang'ono, anachepetsa liwiro pamlatho, n'kuimika ndendende pasiteshoni. Chipinda chonse chinaomba m'manja. Kabokosiko sanabweze mpaka nthawi yotseka.

Pobwerera sitima inali pamiyendo pawo. Titayandikira kunyumba anati, "Ndevu zokhazi wakhoza. Usazikhudzenso." Ndipo anailongedza m'sutikesi mwawo tsiku lomwelo, osandipempha.

Ndinaphunzira kuti munthu uzifunsa usanagule. Komabe ndagula kale kamayi kosenza dengu, koti kaime pasiteshoni, chifukwa apongozi anga aakazi akubwera mu Julaye. Mayi a Tadala akuti ndikangoyerekeza, ndikagone ku galaja.