Tsiku limene ndinayanika ndege ya apongozi

Pali nkhani zina zimene munthu umadikira kuti mboni zonse zimwalire kaye usanazifotokoze. Ya ineyi mboni imodzi idakalipo, ndiye mkazi wanga Esinati, ndipo akaiyamba pagulu amaithira mchere wambiri. Ndiye kuli bwino muimve kwa mwiniwakene.

Munali mu 1997, ndili mkamwini watsopano kwa Nchema. Kwathu ndi kwa Mpama, koma monga mwa mwambo ndinatsatira Esinati kwawo, n'kumanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya makolo ake. Amene anakhalapo pachikamwini akudziwa kuti chaka choyamba aliyense amakuyeza ndi maso, kuyambira kagwiridwe ka khasu mpaka kukula kwa mbamu. Ine ndi khasu sitinkamvana kwenikweni. Chimene ndinkadalira chinali pakamwa, ndi mbiri yakuti ndili ndi luso la manja, poti ndinkamata machubu a njinga ndiponso ndinakonzapo wailesi ya munthu (mabatire anangoikidwa chozondoka, koma zimenezo sindinauze aliyense).

Apongozi anga aamuna anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, ndipo anapitako pa ndege. Nkhani ya ndegeyo inkalowa paliponse, pamaliro, pachinkhoswe, ngakhale pokambirana za mbewu ya nandolo. Koma nthawi imene ndikunenayi maso awo anali atayamba kuchita ng'ala, moti munthu ankamuzindikira ndi mawu.

Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi anandiitana pakhonde. Pamiyendo pawo panali kabokosi kofwifwa, pamwamba pake atajambulapo ndege.

"Akamwini, ndikumva kuti manja anuwo ngaluso eti?"

"Timayesako, bambo."

"Ichi ndinagula ku Joni ndikubwerera kumudzi. Ndi ndege, koma ili zidutswazidutswa, imafunika kulumikiza. Zaka zonsezi yakhala pansi pa sutikesi, ndimaopa kuiwononga. Nde pano maso akupita. Ndimati ndiione itaima ndisanalowe mumdima."

Munthu wanzeru akanapempha kuti aone kaye m'katimo. Ine ndinayankha bokosi lisanatsegulidwe n'komwe: "Zazing'ono izi, bambo. Loweruka ikhala itatha."

Nditafika kunyumba n'kutsegula, mtima unati phaa. Munali tizidutswa ta pulasitiki totuwa, tina tating'ono ngati njere za mapira, pepala la zithunzi zosonyeza kalumikizidwe, ndi kachubu ka guluu kouma gwa ngati mwala. Ndiye m'mawa mwake apongozi anawonjezera ina. Ndege ya m'bokosimo inali ya asilikali, yobiriwira, ya mawindo owerengeka. Iwo anati imene anakwera sinali choncho. Inali ndi mawindo ndandanda uku ndi uku, ndipo inkanyezimira ngati sefuliya yatsopano.

"Mungathe kuisintha kuti ifanane ndi yangayo?"

"Popanda vuto, bambo." (Pakamwa panga sipanandifunsepo maganizo chibadwire.)

Ndinayamba ndi lezala, kudula tizidutswa timodzitimodzi. Pa guluu ndinayesa phala la ufa wa chinangwa, lija timamatira mapepala, koma pulasitiki inangoliseka. Ndinatembenukira ku chimene ndinkachidziwa, sulushoni womatira machubu. Uyu anagwira ndithu, ngakhale mapiko ankachita kugwedera pang'ono ukawakhudza. Ndinadziuza kuti ndege zenizeni nazonso ziyenera kuti zimagwedera.

Mawindo ndinaboola ndi sipoko ya njinga yootcha pambaula. Loyamba linatuluka lalikulu moti wokwera akanagwera panja. Lachiwiri ndinachita mantha, linatuluka ngati diso la singano. Ena anakwera, ena anatsika, fungo la pulasitiki wopserera lili thoo m'nyumba monse. Esinati anasuzumira n'kunena kuti, "Koma abambo, ndege yake ikuoneka ngati chimanga chofumbwa bwanji?" Ndinamuuza kuti za umisiri azisiyira amisiri.

Komabe ndisadzinyoze kwambiri. Pofika Lachinayi madzulo ndege inaima pa mateyala ake, mapiko tambalale, zopukusa mphepo zili m'malo mwake. Ndinakhala pansi n'kumangoiyang'ana, ndipo ndinakondwa kuchokera pansi pa mtima. Sindikumbuka chinthu china chimene ndinachipangapo mosamala chotero.

Lachisanu m'mawa ndinaipaka penti wasiliva amene ndinkapakira malimu a njinga. Inanyezimira ndithu ngati sefuliya ija. Koma pofika teni koloko penti anali akumatabe zala, ndipo mawa lake linali tsiku lolonjeza. Apongozi anali atatsogozedwa kale kupita kukaitana mnzawo wa ku migodi, che Amidu, kuti adzaone nawo.

Tsono kwathu kuno chinthu chikakhala chachinyezi timatani? Timayanika. Ufa timayanika, nandolo timayanika, makaka timayanika. Kuseri kwa nyumba ya apongozi kunali lata lakale atalisanjika pa njerwa, pamene ankayanikapo makaka, chinangwa chija chosenda. Ndinasuntha makaka pang'ono, n'kukhazika ndege pakona, dzuwa la Okutobala lili ng'aa. Ndinati ndiisiye mphindi khumi zokha ndikasambe m'manja.

Pobwerako ndinangoti jii. Pafupi ndi lata lija, pamthunzi wa mango, panali patakhala apongozi anga aakazi, dengu la chinangwa pambali, mpeni m'manja, akusenda mosafulumira.

Achinyamata a lero mwina sangamvetse, poti masiku ano mkamwini ndi apongozi amakwera njinga imodzi. Nthawi imeneyo, pamudzi umenewo, ine ndi mayi a Esinati tinkapewana. Tikakumana m'njira, wina ankapatukira kutchire. Sitinkayang'anana, sitinkalankhulana, ndipo uthenga uliwonse unkadzera kwa Esinati. Mwambo woti tiyambe kulankhulana unali usanachitike. Kupita pamene anakhalapo n'kuwerama pamaso pawo kutola kanthu, ikanakhala nkhani yofika kwa ankhoswe.

Ndinayang'ana woti ndimutume. Esinati anali atapita kuchigayo. Ana onse a pamudzi anali atatengedwa ndi sukulu yaulere ija. Panatsala ine, apongozi, ndi nkhuku.

Ndinabisala kuseri kwa nkhokwe n'kutsokomola. Apongozi anamva, ndipo monga mayi wodziwa mwambo, anatembenuka pang'ono kundipatsa msana, n'kukokera mpango kumaso. Ndinatsokomolanso mwamphamvu. Anasunthira uko pang'ono, osachoka. Ndinayamba kuimba mluzu, kenako kulankhula ndi nkhuku mokweza kuti, "Koma dzuwa la lero likhoza kuwononga katundu wa anthu!" Nkhuku sizinayankhe, ndipo apongozi anapitiriza kusenda.

Ndili pomwepo ndinaona phiko lakumanzere likuyamba kutsika pang'onopang'ono. Sulushoni anali atafewa. Lakumanja linatsatira. Kenako timiyendo ta mateyala tinapindika, ndege n'kugwada pamphuno ngati mbuzi ikumwa madzi. Thukuta limene ndinatuluka pamenepo silinali la dzuwa lokha. Chinthu chimene munthu anachisunga zaka zoposa makumi awiri chinkatha ine ndikuona, mtunda wa mapazi khumi, manja ndili nawo, miyendo ndili nayo.

Apongozi ananyamuka dengu litatha, dzuwa lili paliwombo. Ndinathamanga, n'kupsa zala ndi lata. Ndege inali itakhota msana, mapiko lende ngati nkhuku yachitopa, ndipo pamimba pake panali patakanirira kachidutswa ka makaka. Ndinayesa kuwongola phiko limodzi, linalira kuti tswa, ndinalekera pomwepo.

Loweruka ndinainyamula nditaiphimba ndi kansalu. Apongozi aamuna anali pakhonde atavala jekete, che Amidu ali pambali ndi kofiya wawo woyera. Esinati anakhala pakhomo, mayi ake ali m'nyumba. Ndinagwada n'kuipereka ndi manja awiri. Che Amidu anaiyang'ana, n'kuyang'ana ine, kenako anayamba kuchita chidwi kwambiri ndi zikhadabo zawo.

Apongozi anaiyandikiza kumaso mpaka kukhudza mphuno. Anayendetsa zala pamsana, pamchira, n'kufika pamapiko.

"Akamwini, mapikowa agwa chonchi bwanji?"

Ndinali nditakonza bodza labwino lokhudza makoswe, koma linakana kutuluka. Ndinafotokoza zonse, za penti, za lata, za nkhokwe. Ndisanamalize, m'nyumba munatuluka mawu a apongozi aakazi, olunjika kwa mwana wawo.

"Esinati, uwauze amuna akowo kuti ine ndinaiona ikulefuka. Mtima unandipweteka. Koma nde ndikanagwira bwanji katundu wa akamwini, eni ake ali pompo akutsokomola? Ndimadikira kuti achoke kaye ndiisunthe."

Kenako mapewa a apongozi aamuna anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, ndipo misozi inatulukadi, koma kunali kuseka.

"Amidu, wamva? Anthu awiri, maso abwinobwino, kuonerera ndege ikusungunuka chifukwa cha ulemu! Ine wosaonane ndikanakhalapo ndikanaipulumutsa!"

Che Amidu anaseka mpaka kofiya anagwa. Ine ndinalephera kuseka chifukwa cha manyazi ndi chisoni. Apongozi atapukuta misozi anayendetsanso chala pa mawindo anga okhotakhota aja, n'kuima pa lalikulu lija.

"Ndinakhala apa ine, pafupi ndi phiko," anatero motsitsa mawu. "Ndaiona, akamwini. Mwagwira ntchito."

Mvula ya chaka chimenecho isanathe maso awo anatsekeka kotheratu. Zimandiwawabe kuti ndege imene anaidikira zaka zonsezo anaiona ili yopunduka, ndipo wopundula ndinali ine. Chimene ndinatolapo n'chakuti pulasitiki sayanika padzuwa. Za kufulumira pakamwa, Esinati akuti palibe chasintha.

Ndegeyo apongozi aamuna anaipachika ndi ulusi pabalaza, ndipo mlendo aliyense ankamuonetsa. Wina akafunsa chifukwa chimene mapiko ake analendewera, ine ndinkayang'ana pansi, koma iwo ankayankha mosaphethira kuti ndege ikatera imapumula choncho, ndipo mkamwini wawo anaitengera ndendende. Kwa Nchema kunalibe wina amene anakwerapo ndege woti awatsutse, kupatula che Amidu, ndipo che Amidu ankangovomera ndi mutu. Apongoziwo anandibisira manyazi amenewo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.